Kansupa ka Siliva ka a Dona Hermínia

Anabwera naye Lachitatu, dzuwa lili paliwombo, atamumanga manja ndi luzi ngati mbuzi yopita ku msika. Anthu osachepera makumi awiri, aliyense akulankhula, wina osamva mnzake. Ine n'kuti nditangokhala pansi kuti ndidye chinangwa changa. Zaka khumi ndi zinayi ndikugwira ntchito yaupolisi pano pa Fíngoè, sindinadyepo chakudya cha masana n'kuchimaliza.

"Mmodzimmodzi!" ndinakuwa. "Pano si pa chigayo. Wodandaula ndani?"

Kutsogolo kunatulukira mayi wamtali, wouma thupi, kiyi akulendewera m'chiuno. Anali a Dona Hermínia, a m'mudzi wa kuseri kwa phiri, makilomita asanu ndi awiri kuchokera pano. Pambuyo pawo panali amuna awo, a Baltazar, mkulu wa mpingo, malaya atamanga mabatani mpaka pakhosi ngakhale kunja kunali ng'anjo.

"A Benilde, mwananga, taonani izi," anatero mayiwo, n'kumasula kansalu pa tebulo langa.

Munali kabotolo kachitsulo, kutalika ngati chala changa chapakati, kokhala ndi chivindikiro chopotokola ndi maluwa ozokotedwa m'mbali. Koma kanali kotuwa ngati phulusa, m'munsi mwake mutafewa, mutang'aluka. M'makwinya a kansaluko munkathamangathamanga timadontho tonyezimira.

"Merikuriyo," anatero a Baltazar, ngati ine ndine wakhungu. "Ndipo merikuriyo amagwira ndani? Magarimpero. Okumba golide. Ndakapeza ndine m'mawa uno, m'thumba la zida za uyu."

Uyuyo anali Adilson, mnyamata wa ku Nampula, wokumba golide, amene Loweruka lomwelo amayenera kukwatira mwana wawo Rita. Anali chiimire, mlomo utatupa.

"Aka si kabotolo wamba ayi," anatero a Dona Hermínia. "Ife timati kansupa. Agogo anga anakatenga ku Halale, kumene ankachapa zovala za mayi wina wa Chingelezi. Ndi siliva weniweni wa ku Mangalande, munkakhala mafuta onunkhira. Taonani pansipa, pali chidindo cha mkango ndi nangula. Pa nkhondo amayi anga anathawira nako ku Zambia atakamangirira m'chiuno, mbale zonse anazisiya. Mwana wamkazi aliyense wa mbumba yathu, tsiku la ukwati timamudzoza mafuta a m'menemu, kenaka kamakhala kake. Loweruka ndim'patsa chiyani Rita?"

Ndinayang'ana chidindocho. Mkango unalipo, koma mutu wake unali utadyeka.

"Mukufuna tichite naye chiyani?" ndinafunsa.

"Apite ku kadeya, akagone ku ndende! Ndipo ukwati watha. Mkamwini wakuba sagona pamudzi pa amayi anga, ndanena ine, anthu onsewa amve."

"Tinanena kale," a Baltazar anawonjeza, akupukusa mutu. "Golide ndi dothi la Satana. Lamulungu lililonse ndimalalikira zomwezi."

Ndinalemba madandaulo awo. Mayiwo anadinda chala, mphete yawo yachikasu ikugunda pa tebulo. A Baltazar anakana kudinda, anati iwo anapita kusukulu, n'kusaina dzina lalitali lokhala ndi mchira, mphete yawo yoyera ikung'anima. Ndinauza gulu lonse kuti lizipita. Nditabwerera ku chinangwa changa ndinapeza nyerere zitandithandiza kale.

A shefi, abwana athu pa polisipo, anangoti, "Galimoto yopita ku Tete inyamuka Lachisanu m'mawa. Ngati palibe chatsopano, mnyamatayo akwera." Ndiye kuti ndinali ndi tsiku limodzi ndi theka, ndi mota yanga, njinga yamoto, ya mafuta ongotsala pansi pa thanki.

* * *

Ndinamumasula luzi lija n'kumupatsa madzi. Chichewa chake chinali chodukaduka, chosakaniza ndi Chipwitikizi, koma mkwiyo wake unkamveka bwinobwino.

"Unaba?" ndinamufunsa.

"Ayi, senyora."

"Aliyense amene amakhala pa benchi limenelo amatero. Nena china."

"Ndingaone kabotolo?"

Ndinamuonetsa. Anakatembenuza ndi kamtengo, osakagwira, kenaka anaseka. Kuseka! Munthu woti mkucha akwera galimoto ya ku Tete.

"Chikukusangalatsa n'chiyani, iwe?"

"Senyora, anene kuti ndine mbava, pulonto, chabwino, ndipirira. Koma ichi ndi chipongwe pa ntchito yanga. Zaka zisanu ndi zinayi ndikukumba. Garimpero, ngakhale woledzera, saika merikuriyo mu siliva. Merikuriyo amadya golide, ndi chifukwa chake timamugula. Amadyanso siliva, amadya mkuwa. Chilichonse chonyezimira akachikhudza chimayera, chimafewa. Ife timasunga m'kabotolo ka pulasitiki, ka mankhwala a m'maso. Pitani muone m'thumba langa, kalimo."

"Chikayera, chimabwereranso?"

"Ngati changokhudzidwa kunja, mumawotcha pa makala, merikuriyo amathawa ndi utsi. Koma ichi wakhalamo masabata. Chafa."

"Ndiye amene anachita izi?"

"Munthu amene wangomva za golide kwa anzake. Sanafunse aliyense. Mwina amachita manyazi kufunsa."

"Bwanji sunanene zimenezi kumudzi?"

Analoza mlomo wake wotupa. "Ndinayamba."

Ndinapita kukatsegula thumba lake, limene anthu aja anabwera nalo ngati umboni. Munali nyundo, beseni, tochi, ndi kabotolo ka mankhwala a m'maso, kolemera ngati mwala, kodzaza merikuriyo mpaka pakhosi. Munthu wokhala ndi botolo lake akabe la apongozi kuti atani? Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo kameneka kanandidulira ntchito yambiri, ndipo sindinakondwe nako.

* * *

Lachinayi m'mawa ndinapita ku msika. Merikuriyo sagulitsidwa poyera, koma aliyense pa Fíngoè amadziwa kuti Gracinda, wa sopo ndi mabatire uja, pansi pa tebulo lake sipakhala sopo yekha.

"Mana Benilde, achemwali anga! Mwawala lero! Kapulana uyu, chitenje chatsopano, wafika dzulo, akukhalani ngati munabadwa naye."

"Gracinda, ndani wagula merikuriyo mwezi uno amene si garimpero?"

"Meri chiyani? Ine? Mayo ine, mana, ndine mkazi wamasiye, ndimagulitsa sopo, mchere, machesi, nthawi zina tomato akapezeka, koma tomato wa chaka chino, mana, musandifunse, mvula ija..."

"Gracinda."

"Mwina mukunena mankhwala a makoswe?"

Ndinakhala pa thumba lake la mchere n'kuvula chipewa. "Tamvera. Sindinabwerere tebulo lako. Ndikafuna kulibwerera ndidzabwera ndi anzanga, ndipo sitidzakambirana za tomato. Pali mnyamata akupita ku Tete mawa chifukwa cha mlandu wa munthu wina. Ine ndikhala pompano, yunifomu yomweyi, mpaka dzuwa lilowe. Tione amene abwere kudzagula sopo wako."

Anayang'ana uku ndi uku. Makasitomala awiri anali atabwerera kale panjira.

"Epa, mana, ndinu wouma mtima. Tinene kuti ndinangomva. Tinene kuti masabata atatu apitawo kunabwera bambo wina wachikulire, pa njinga, chipewa atachikokera mpaka pamphuno. Ankanong'ona ngati akufunsira. Akuti, 'Ndikufuna mankhwala a miyala aja.' Botolo analibe. Garimpero amabwera ndi botolo lake, mana, ngati mmene mayi amabwerera ndi dengu. Tinene kuti munthu wina anamuthirira m'kapulasitiki n'kumanga ndi ulusi, n'kumuuza kuti akapeze botolo lotseka bwino. Iye akuti, 'Kunyumba kuli kabwino, ka Azungu, sikadontha.'"

Ndinasendera pafupi. "Dzina lake?"

"Ine ndimayang'ana dzanja la munthu, osati nkhope."

"Dzanjalo linali lotani?"

"La mlimi. Mphete yachikasu. Koma chimene chinandipsetsa mtima, mana, atalandira katundu wake anandiyang'ana n'kunena kuti, 'Mulungu akukhululukireni, mayi.' Ine! Andikhululukire ine, wogula ndi iye!"

Ndinanyamuka. Bambo wachikulire wodziwa kukhululukira anzake ndinali naye mmodzi m'maganizo. Koma mphete ya ameneyo ndinaiona ndi maso angawa pa tebulo langa, ndipo inali yoyera.

* * *

Mota inandifikitsa pa mtsinje n'kutsokomola, n'kuzima. Makilomita awiri otsalawo ndinaikankha pokwera phiri, ndikutukwana siliva, golide ndi Angelezi amene anapanga kabotolo koti anthu adzavutike nako kuno ku Marávia patapita zaka zana.

Rita ndinamupeza kuseri kwa khola, akusenda chimanga mwaukali ngati chamulakwira. Maso anali ofiira.

"Kansupa kankakhala kuti?" ndinamufunsa.

"M'bokosi la amayi, kuchipinda kwawo, pansi pa bedi."

"Loko anathyola?"

"Ayi! Ndi zimene ndakhala ndikunena, koma ndani amamva mwana? Kiyi imakhala m'chiuno mwa amayi. Amaivula posamba basi, n'kuipachika pa msomali kuchipinda komweko."

"Adilson amalowa m'nyumbamo?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Kuchipinda kwa apongozi? Achemwali, munthu uja akaona amayi akubwera panjira amapatukira kutchire, minga kumubaya. Tinamuphunzitsa mwambo wathu, anaugwira kuposa anyamata a konkuno. Ngakhale pakhonde sanapondepo. Amakhala uko."

Analoza kumapeto kwa mudzi. Kunali nyumba yatsopano ya njerwa, imene Adilson ankamangira mkazi wake monga achitira mkamwini aliyense. Denga lake linali la malata, likuthobwa m'maso. Nyumba ina iliyonse pamudzipo inali ya udzu, ya a Dona Hermínia yomwe.

"Thumba lake la zida limakhala kuti?"

"M'nyumba yatsopanoyo. Chitseko sanaikebe."

"Bambo ako masiku ano amatandala kuti?"

"Ku dimba, kumtsinje. Amapita m'mamawa, kubwera madzulo." Anaima kaye kusenda. "Koma ndiwo zake sitikuziona. Amayi dzana anachita kukagula repu."

* * *

A Dona Hermínia anandiyalira mphasa pansi pa mtengo wa masau. Pafupi panali mbaula ya makala, madzi a tiyi akuwira. A Baltazar anali pa mpando wawo wa ndalema, buku la nyimbo pamwendo.

"Mwabwera kudzatiuza kuti mnyamata uja wapita ku kadeya?" anafunsa mayiwo.

"Ndabwera ndi mafunso awiri atatu, amayi. Kansupa munakaona liti komaliza?"

"Mwezi wathawu. Ndinakatulutsa kuti Rita akaone, n'kukabwezera. Lachiwiri lapitali ndimati ndikakweche ndi phulusa losefa, ndipeza mulibe."

"Ndipo Lachitatu m'mawa abambo anakapeza. Abambo, chinakutumani n'chiyani kukayang'ana m'thumba la mnyamatayo?"

"Mzimu unandiuza," anatero a Baltazar.

Ndinapuma kaye. Ntchito yathuyi imafuna kuleza mtima kumene ine Mulungu anandimana.

"Mzimuwo unakuuzaninso za dimba? Ndadzera komweko pokankha mota yanga. Mabedi auma, udzu ukufika m'mawondo. Koma m'mphepete mwa madzi muli dzenje latsopano, ndi beseni lobisidwa m'bango."

"Magarimpero amenewo! Amakumba paliponse!"

"Beseni langa lobiriwira?" anafunsa a Dona Hermínia mwapang'onopang'ono. "Lija munati mbuzi zinaswa?"

A Baltazar anatsegula buku la nyimbo n'kulitsekanso. Dzanja lawo linali pa chikuto, mphete ikuwala padzuwa. Ndinayang'ana dzanja la akazi awo.

"Amayi, mphete zanuzi n'zokongola. Koma bwanji munagula zosiyana?"

"Zosiyana bwanji? Tinagula tsiku limodzi ku Tete, kwa mmwenye mmodzi, zofanana ngati mapasa. Zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo."

"Taikani dzanja lanu pafupi ndi la abambo."

Sanasunthe. Anangotembenuza mutu n'kuyang'ana chala cha amuna awo, nthawi yaitali. Anthu akakhalitsa m'banja amasiya kuyang'anana manja.

"Bambo a Rita," anatero, "mphete yanu yatani?"

"Yakalamba. Sopo ameneyu wa masiku ano..."

"Sopo yemweyo ndimachapira ine tsiku ndi tsiku."

"Abambo, ndibwerekeni," ndinatero.

"Mphete ya ukwati sivulidwa! Ndi lumbiro pamaso pa Mulungu!"

"Vulani," anatero a Dona Hermínia. Sanakweze mawu.

Anavula. Ndinachotsa ketulo pa mbaula, ndinapempha supuni yakutha, n'kuika mpheteyo m'menemo. Anthu anali atayamba kale kusonkhana, monga achitira akaona yunifomu. Ndinawathamangitsira kumbali kumene kumachokera mphepo, Rita ndi ana omwe.

"Utsi wake ndi poizoni, musaupume. Supuni imeneyi mukaikwirire, musadzadyerenso."

Ndinaika supuni pa makala n'kubwerera m'mbuyo. Tinadikira. Pang'onopang'ono kuyera kuja kunayamba kuchoka, kuyambira m'mphepete, ndipo pasanathe mphindi zisanu m'supunimo munali mphete yachikasu, yofanana ndendende ndi ya pa chala cha a Dona Hermínia.

"Merikuriyo amayeretsa chilichonse chonyezimira," ndinatero. "Garimpero aliyense amadziwa. Amavula mphete asanagwire, ndipo saika merikuriyo mu siliva. Amene sadziwa ndi munthu amene amatukwana golide Lamulungu, n'kumakamusaka Lolemba, wopanda womufunsa nzeru chifukwa onse odziwa anawatcha ana a Satana."

Fisi akagwa m'mbuna salankhula, koma a Baltazar anayesa.

"Ndimafuna malata," anatero, maso ali pansi. "Mayi a Rita, ndimafuna malata. Zaka zonsezi ndikufolera nyumba yanu ndi udzu. Kubwera kamnyamata ka dzulodzuloli, miyezi itatu, denga mbee! Anthu akudutsa panjira amaloza. Ndimati ndipeze pang'ono pokha, ndikufolereni, kansupako ndikatsuke ndikabwezere. Sindinadziwe kuti kadyeka. Nditaona kakudontha ndinachita mantha."

"Golide munam'peza?" ndinafunsa, chifukwa ndinkafunadi kudziwa.

"Ayi."

Wina m'gulumo anaseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono. Ine sindinaseke. Ndinali ndikuganiza za mlomo wotupa wa Adilson, ndi kuti bambo ameneyu anayenda makilomita asanu ndi awiri pambuyo pa mnyamata womangidwa, akupukusa mutu ngati woyera mtima. Zinandinyansa, ndipo ndinawauza.

"Kuba kansupa ndi nkhani ya m'nyumba mwanu, abambo. Koma kukaika m'thumba la mwana wa eni ake, n'kusaina dzina lanu lamchira lija pansi pa bodza, imeneyo ndi nkhani yanga. Mawa m'mawa ndikupezeni pa komando, ku polisi kuja."

A Dona Hermínia anatenga kamtengo n'kukankhira mphete ija pa dothi kuti izizire. Kenaka anaitola. A Baltazar anatambasula dzanja. Mayiwo anaimangirira pa ngodya ya nsalu yawo, pafupi ndi kiyi.

"Malata ndinakupemphani liti?" anafunsa.

"Simunapemphe."

"Udzu unandidonthera liti osakuthokozani mutakonza?"

Kenaka mayiwo anayang'ana kwa ine.

"A Benilde, mphete yabwerera. Kansupa kanga tikakaika pamoto?"

Ndinalakalaka kunama, koma sindinathe. "Ayi, amayi. Merikuriyo wadya mpaka mkati. Kangoyoyoka."

Anagwedeza mutu. Analowa m'nyumba, ndipo tinamva bokosi likukokedwa pansi. Atatuluka ananyamula mphasa yakale yokulungidwa, bulangete ndi malaya awiri. Anaziika pa kaliyala wa njinga ya amuna awo, n'kumanga bwinobwino ndi luzi, mfundo ziwiri.

"Mayi a Rita," a Baltazar anaimirira, buku la nyimbo n'kugwa. "Zaka makumi atatu ndi chimodzi! Ine ndine mwini nyumba ino!"

"Ndinu mkamwini. Munabwera pamudzi pano ndi mphasa iyi. Dzulo ndinanena mawu pamaso pa anthu, inu muli pambali panga mukuvomereza. Kapena mawuwo anali a mwana wa ku Nampula yekha?"

Rita anayamba kulira. Mayi ake sanamuyang'ane. Anakonza nsalu yawo m'chiuno n'kutembenukira kwa ine.

"Mota yanu imanyamula awiri?"

"Mafuta atha, amayi. Ndi ya kukankha."

"Tikankha. Luzi lija ndinamanga ndine, ndikamutenga ndekha mnyamatayo."

"Amayi, ndi mkamwini wanu. Mwambo sukulolani kuyang'anana naye."

"Ndinamuyang'ana bwinobwino pomumenya mlomo," anatero a Dona Hermínia, akugwira chiwongolero mbali inayo. "Tiyeni, dzuwa lisanapendeke."